Gule wathu timuike pati: WhatsApp, Facebook, TikTok kapena YouTube?

Titabwerako ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika, ku Zambia, chaka chatha, anzanga a kuno kwa Mkanda anali ndi mavidiyo a Gule Wamkulu odzaza mafoni, koma aliyense ankafunsa poti awaike. Ine zinayi zonsezi ndazigwiritsapo ntchito, ndiye ndikuuzeni mmene ndazionera.

Potolera zinthu, WhatsApp palibe yoiposa. Bandulo yake ndi yotsika mtengo, ndipo agogo osadziwa kulemba amangodina n'kuyamba kulankhula. Nthano, mayina a mafumu akale a mudzi wathu, mbiri ya Aphiri ndi Abanda, zonsezi ndinazipeza choncho. Koma musaiyese nkhokwe. Status imafufutika pakatha maola 24, ndipo vidiyo imafika itafinyidwa moti ng'oma ya mbalule imalira ngati chitini, pokhapokha mutaitumiza ngati document. Foni yanga itagwera m'chitsime kudimba, zinapita nazo nyimbo 11 zapamtondo zimene azakhali anga anandiimbira. Kulakwa kunali kwanga, sindinazisunge kwina. Azakhaliwo anatisiya dzinja lomwelo.

Facebook ndi bwalo la milandu. Ikani chithunzi cha chilombo chija Kasiyamaliro n'kulemba kuti ndi Chimkoko, muona. Ola lisanathe wina wa ku Santhe, wina wa ku Katete, wina ali ku Johannesburg akhala atakukonzani, ena mwaulemu, ena mwachipongwe. Ine kukonzana kumeneko ndimakukonda. Achewa a Kalonga Gawa Undi tili ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo apa timakumana tsiku lililonse osadikira Kulamba ya mu Ogasiti. Chotopetsa n'choti zakale zimakwiririka msanga, komanso sipalephera kubwera wina wodzalalikira kuti gule ndi ziwanda, nkhani yonse n'kukhotera kumeneko.

TikTok ndiye imandivutitsa maganizo. Kuthamanga imathamangadi: mwana wobadwira ku Area 25 yemwe sanapondepo pabwalo amamudziwa Makanja chifukwa cha iyo. Koma taonani zimene zimafika kwa mwanayo. Masekondi 30 a Kapoli akutimba fumbi, nyimbo ya amayi yachotsedwa, m'malo mwake aikamo amapiano. Chonsecho mwambi wa chilombo uli m'nyimbomo. M'menemo ndi momwe mumadzudzulidwa mkamwini waulesi, mfumu yokondera, mwana wamwano. Mukachotsa nyimbo mwatsala ndi munthu wodumpha basi. Pamene UNESCO inkazindikira Gule Wamkulu mu 2005 sinkaona miyendo yokha, inkaona mwambo wonse.

Palinso china choposa apa. Kufuna owonera ambiri kukupangitsa anyamata ena kulowa ndi foni kudambwe, malo obisika a gule. Za kudambwe ndi za kutsimba zilibe malo pa iliyonse mwa zinayizi. Musanamizikenso kuti gulu la WhatsApp la ometa okhaokha ndi lotetezeka, chifukwa chala chimodzi chikangodina forward, mawa lake zili pamsika wa Kamwendo.

YouTube ndi yodula, ndisakunamizeni. Vidiyo ya mphindi 40 imameza bandulo, ndipo ine ndimachita kupita ku Boma kumene netiweki ili yamphamvu. Owonera amabwera mmodzimmodzi ngati madontho a mvula ya chizimalupsa. Komabe kumeneko gule amakhala wathunthu, kuyambira pokunga ng'oma pamoto mpaka chilombo chomaliza kutuluka m'bwalo, ndipo munthu akalemba dzina amamupeza ngakhale patapita zaka. Mganda wa ku Kasungu womwe ndinaika mu 2021 ulipobe, ndipo mphunzitsi wina anauonetsa ana ake m'kalasi. Chofunika n'kulemba bwino pansi pake: mudzi, mfumu, tsiku, ngati kunali chiliza kapena kulonga ufumu, ndi mawu a nyimbo. Vidiyo yongoti "gule wa nyatwa" sithandiza aliyense.

Panopa ndimatolera pa WhatsApp, tsiku lomwelo n'kukopera pa memory card, kenako wathunthu pa YouTube, ulalo wake pa Facebook kuti andikonze. Pa TikTok ndimaikapo kachidutswa, koma ndi nyimbo yake yeniyeni. Loweruka likudzali kuli chiliza kutsidya kwa Bua. Afumu ndi atsabwalo ndakambirana nawo kale: andilola kujambula pabwalo pokha, ndipo njira yochokera kuliunde, kumene zilombo zimakonzekera, ndiziifulatira.