Nyongolotsi za pulasitiki zotchipa zowedzera bass: zimagwira, koma si Senko

Ndazipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Zikanafika zinayi wogulitsayo akanapanda kulemba pa tsamba lake kuti nyambozi n'chimodzimodzi ndi Senko, nyambo yotchuka ya kampani ya Gary Yamamoto yowedzera nsomba zotchedwa bass. Si chimodzimodzi ayi, ndipo zasiyana pa chinthu chenicheni chimene munthu amagulira nyambo yamtunduwu, ndicho kamiridwe kake m'madzi.

Ndinaziitanitsa pa intaneti mwezi wa Julaye, ndipo ndawedza nazo mpaka Disembala, makamaka ku Albert Falls, damu lili pa mtsinje wa Umgeni kufupi ndi Pietermaritzburg kumene ndikukhala. Ndapitanso nazo ku damu la Inanda. Ndalama yogulira paketi imodzi ya Senko yeniyeni, izi mumatenga nayo mapaketi atatu, ndiye kwa ife amene randi iliyonse ili ndi eni ake kumudzi, munthu sungadutse osayang'anako kawiri.

Kwa amene simunazionepo, ndi nyongolotsi za pulasitiki wofewa zotalika mainchesi 5, ngati masentimita 13, zonenepa pakati n'kumacheperako kunsonga. Zilibe mchira wogwedera, zilibe miyendo, zilibe maso. Amene anayamba kupanga mtunduwu ndi Gary Yamamoto wa ku America m'zaka za m'ma 1990, ndipo maonekedwe ake anatengera cholembera cha Bic. Mukaiona m'manja mungaseke kuti nsomba yanzeru zake ingameze chimenechi. Chinsinsi cha Senko ndi mchere umene amathira wambiri m'pulasitikimo. Mcherewo umailemeretsa, kotero imaponyeka kutali popanda mtovu wolemeretsa nyambo, ndipo ikagwa m'madzi imamira chogona, nsonga zonse ziwiri zikunjenjemera. Bass imadya nyambo ili m'njira yopita pansiyo. Msodzi ntchito yake ndi kuponya, kusiya chingwe chili lende pang'ono, basi n'kumachiyang'anitsitsa.

Kumene ndimagwira ntchito kuli dziwe losambiramo, ndipo amene ndimalisamalira ndine, ndiye ndinayeserako komweko eni nyumba atachoka. Ndinakola mbedza pakati penipeni pa nyambo, kakoledwe kaja amati wacky, imodzi yotchipa, ina Senko, mbedza zofanana. Ndinazisiya pamodzi kumbali yakuya. Senko inatsika ikuphethiraphethira mbali zonse, n'kukafika pansi inzakeyo idakali cha pakati. Yotchipayo imatsika monyinyirika, youma gwa, nsonga zake zongopindika pang'ono osanjenjemera. Pa sikelo ya kukhitchini Senko inalemera pafupifupi magalamu 10, iyi inapereweza ndithu. Mukaipotokola ndi zala, Senko imayera ndipo mumamva timchenga ta mchere, pamene iyi imangobwerera mmene inalili ngati labala wa legeni. Mchere ulimo wochepa kwambiri, wambiri ndi wongowaza pamwamba kuti paketi ioneke bwino.

Ku damu kusiyana kumeneku kumaonekera m'njira ziwiri. Mphepo ikangoyamba masana, nyambo yopepuka sifika pamene mwalozera. Ine ndimaweza nditaima pagombe nthawi zambiri, boti ndimakwera pokhapokha mnzanga wina akandiitana, ndiye mamita asanu aliwonse otayika poponya ndi nsomba zotayika. Chachiwiri, pa madzi akuya mamita atatu kapena anayi mumadikira mpaka kutopa kuti ifike pansi, ndipo nthawi imeneyo mphepo yakoka kale chingwe n'kuikwezanso m'mwamba. Mu Julaye, madzi ali ozizira, bass zili pansi ndipo sizithamangitsa chilichonse, nyambozi popanda mtovu sizinandipatse kanthu. Mnzanga ali pambali panga pomwepo ankatulutsa imodziimodzi ndi Senko. Wina anganene kuti linali dzanja, koma tinasinthana ndodo, nsomba zinatsata nyambo.

Zinthu zinatembenuka nditasiya kuzikakamiza ntchito imene si yawo. Ndinayamba kuzimanga mwa Texas, ndi kamtovu kosongoka ka magalamu 5 kapena 7 kutsogolo. Mbedza ndimagwiritsa 4/0 ya mimba yaikulu ija amati EWG. Mumalowetsa nsonga ya mbedza kumutu kwa nyongolotsi theka la sentimita, n'kuitulutsira pambali, kukankhira nyambo mpaka ikafike padiso la mbedza, kutembenuza, kenako kuboolanso pamimba kuti nsonga itulukire kumsana. Pomaliza mumaibisa nsongayo pang'ono m'khungu la pulasitiki. Ikamangidwa chonchi iyenera kukhala yowongoka ndi. Ikapindika imazungulira pokoka ndipo chingwe chimapotana. Apa kuuma kwake kuja kumasanduka mwayi. Albert Falls ili ndi mitengo yomira, zitsa ndi udzu wambiri, ndipo nyambo imeneyi imadutsa m'nthambi osavuka pambedza. Zamchere wambiri zonse zimang'ambika msanga, nthawi zina nsomba imodzi kapena ziwiri yatha. Izi ndagwirapo nazo nsomba zisanu ndi nyongolotsi imodzi, mutu utang'ambika ndinangodulako kachidutswa n'kukolanso.

Nthawi imene zinandikondweretsa kwambiri ndi kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala. Madzi akayamba kufunda kudutsa madigiri 15, bass zimachoka kwakuya kubwera m'mphepete kudzaswana. Yaimuna imasesa chisa pansi pa mchenga kapena timiyala, n'kumalondera mazira, zazikazi zikuluzikulu zimakhala chapafupi pa chitsa kapena pamene pansi payamba kutsetsereka. Pa madzi a mita imodzi kumira pang'onopang'ono si vutonso, n'kumene kumafunika, chifukwa nyambo imakhala nthawi yaitali pamaso pa nsomba.

Yaikulu yanga ya chaka chino inabwera mwanjira imeneyo, m'mawa wa Loweruka lina la Seputembala, kunja kuli mitambo. Panali chitsa chotulukira pang'ono pamwamba pa madzi, mamita ngati khumi kuchokera pamene ndinaima, udzu uli kumanzere kwake. Ndinaponya yobiriwira modera, mtundu umene amati green pumpkin, yopanda mtovu kuseri kwa chitsacho n'kuisiya. Sindinamve kugogoda kulikonse m'ndodo. Chimene ndinaona ndi chingwe, pamene chimalowera m'madzi, chikuyenda chokha kulowera kumanja pang'onopang'ono. Ndinapota reel, chokulungira chingwe chija, mpaka chingwe chitakungika, ndinamva kulemera, ndiyeno ndinakoka ndodo mwamphamvu chammbali. Inayamba yalowera pansi kufuna mizu ya chitsa, kenako inatumphuka mutu wonse panja, kukamwa kuli yasa, ikupukusa kuti ilavule mbedza. Pamenepo ndodo mumaitsitsira kumadzi, mukaikweza ndiye mwaithandiza kudumpha. Chingwe chinali cha mtundu wa fluorocarbon, chopirira kulemera kwa mapaundi 12, ndipo nditaitulutsa ndinapeza chakhakhala pamene chinakhudza mtengo. Pa sikelo inakwana makilogalamu 3.4. Chibakera changa chinkalowa m'kamwa mwake bwinobwino. Nyongolotsi ija inali itatsetserekera m'mwamba pa chingwe, yosang'ambika, ndipo ndinaponyanso yomweyo.

Kwa anthu akuno imeneyo si nkhani yoti n'kuimitsira galimoto. Bass si nsomba ya mu Africa, kwawo ndi ku North America. Bass ya kukamwa kwakukulu ngati yangayi inabweretsedwa ku South Africa mu 1928, ndipo mu 1980 kunabweranso mtundu wa ku Florida umene umakula kwambiri, wofikira ku KwaZulu-Natal konkuno. N'chifukwa chake madamu a chigawo chino amatulutsa zazikulu. Ku Zimbabwe, damu la Darwendale linatulutsa yoposa makilogalamu 8 mu 2004. Yaikulu yovomerezeka pa dziko lonse ndi ya makilogalamu 10 ndi pang'ono, imene George Perry anagwira ku Georgia mu 1932, ndipo panadutsa zaka 77 kuti wina aifikire, Manabu Kurita pa nyanja ya Biwa ku Japan mu 2009. Ndiye yangayo ndi mwana. Komabe ndinajambulitsa, ndinaigwira pa chibwano chapansi dzanja lina likuchirikiza mimba, n'kuibwezera m'madzi. Achemwali anga ku Nkhotakota ataona kanemayo pa WhatsApp anangofunsa kuti, "Achimwene, ndiwo zonsezo mwataya muli bwinobwino?" Yaikazi yodzaza mazira ngati imeneyo ndimaibweza ndithu. Za kilogalamu imodzi ndimatengako nthawi zina, ndipo yokazinga ndi tomato ndi anyezi imayenda ndi nsima popanda kudandaula, ngakhale siifika pa chambo.

Za mitundu. Ndinatenga green pumpkin, watermelon ya timadontho tofiira, ndi junebug, yofiirira modera ija ya timadontho tobiriwira. Pa madzi oyera watermelon ndi green pumpkin ndi zimene zimadyedwa. Mvula ikagwa, madzi n'kuvunduka, junebug imaoneka bwino kwa nsomba, ndipo ku Inanda m'mphepete mwa namasupuni ndi imene inandigwirira ntchito. Mitundu ya kampaniyi ndi yabwino ndithu, siisiyana kwenikweni ndi ya okwera mtengo. Vuto n'lakuti imasuluka. Ndinaika junebug ziwiri m'thumba la watermelon, patatha sabata zonse zinali zitada mbali imodzi. Mtundu uliwonse ukhale m'paketi yake.

Kapakiridwe kake ndiye n'kosasamala. Nyongolotsi zimangoponyedwa m'kathumba kopyapyala, osazigoneka mondondozana, ndiye m'paketi iliyonse munali zitatu kapena zinayi zopindika. Yopindika pa Texas ndi yopanda ntchito. Mankhwala ake ndi madzi otentha: mumaiviika masekondi ochepa m'madzi amene angowira, n'kuigoneka yowongoka pa thireyi mpaka itazizira. Zimawongoka, koma si ntchito yoti wogula azigwira usiku ataweruka. Zipi ya kathumbako inathothoka tsiku loyamba, mafuta ake onunkha adyo n'kudontha m'chikwama, moti mpaka lero chikwamacho sichilowa m'nyumba. Ndinalembera wogulitsa za zopindikazo, anandiyankha mwaulemu patapita masiku angapo kuti umo ndi mmene zimabwerera kuchokera kufakitale. Katunduyo anafika pa nthawi yake, pamenepo sindinganame.

Musazisiye m'galimoto padzuwa la Disembala. Zimafewa n'kumatirirana, ndipo zikakhudzana ndi pulasitiki wina wolimba zimamudya.

Amene mukufunabe kuziponya mwa wacky, pali zokonza ziwiri zimene zinandithandiza. Choyamba, kamphete ka labala kovekedwa pakati pa nyongolotsi, mbedza ya nambala 1 kapena 1/0 n'kumakola kampheteko m'malo moboola pulasitiki. Chachiwiri, kuti imire msanga, ndimalowetsa kamsomali kakang'ono kumutu kwake, timisomali timene amakhomera mapulanga opyapyala. Ikatero imatsika mutu pansi, n'kukaima mchira uli m'mwamba, ndipo mukagwedeza ndodo pang'ono imaoneka ngati kansomba kakudya pansi. Akuno amati Neko. Si kamiridwe ka Senko kaja, ndi kena, koma pa miyala ya mamita atatu kananditulutsira nsomba masiku amene china chilichonse chinkabwera chokha. Ndinayesanso kuipukusa pakati pa zikhatho kuti ifewe. Imafewa pang'ono, osati mokwanira.

Chinthu chimodzi chimene chimandinyansa pagombe, ndipo nyambo zotchipa zimachikulitsa, ndi anthu otaya zong'ambika m'madzi poti sizinawapweteke m'thumba. Bass imatola chilichonse chogona pansi, ndipo pulasitiki sagayika m'mimba. Ndinatumbulapo ina yowonda mutu wokhawokha, m'mimba mwake muli nyongolotsi ziwiri zotupa. Zong'ambika zibwerere m'thumba. Zidutswa zake ndimadula n'kumakola pa kambedza kakang'ono kokhala ndi mtovu kumutu, ndipo tiana ta bass timazilimbirana, zomwe zimasangalatsa ana mukapita nawo.

Ndani agule? Amene mukuyamba kumene, gulani izi. Mudzakola m'mitengo, mudzadula chingwe kambirimbiri, ndipo kuphunzira ndi nyambo yodula kumachititsa munthu mantha kuponya pamene pali zitsa, pomwe nsomba zimakhala. Amene mumaweza ndi mtovu m'udzu ndi m'nthambi, gulaninso, simudzaona kusiyana kokwana katatu ka mtengo. Koma ngati mukufuna nyambo yoponya yokha popanda mtovu pa madzi oyera, kapena m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, sungani ndalamayo mugule paketi imodzi ya Senko yeniyeni, muiveke kamphete ka labala kuti ikhalitse. Ine m'chikwama muli zonse ziwiri, ndipo green pumpkin ya zotchipazi ndaitanitsanso mapaketi awiri. Junebug sindinawonjezere, yoyamba ija ikadalipo theka.