Mont-Saint-Michel kapena Rocamadour: kukwera kulipo konsekonse

Malo awiriwa ku France ndi a amwendamnjira achikhristu, ndipo konse mawondo amadandaula. Koma kusiyana kwake n'kwakukulu.

Mont-Saint-Michel ndi kachilumba ka thanthwe ku Normandy, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa France. Nyanja ikaphwa mumaona mchenga wokhawokha, ikadzaza madzi amatha kukwera mamita oposa 10. Okhalapo safika ngakhale 50, pomwe alendo pachaka amaposa 2 miliyoni. Mbiri imati bishopu Aubert wa ku Avranches anayamba kumanga kachisi pamenepa mu 708, mngelo Mikayeli atamuonekera. Nyumba ya amonke ya pamwamba inakhalapo ndende mpaka 1863, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1979. Kukongola kulipo ndithu, kungoti masana kamsewu kake kamathinana ngati msika.

Rocamadour ili kum'mwera chakumadzulo, m'chigawo cha Lot, ndipo nyumba zake zinamatirira kuphompho pamwamba pa mtsinje wa Alzou. Anthu ake ndi pafupifupi 600. Mu 1166 anapezako mtembo wosawola umene anati ndi wa Amadour woyera. Kuti mufike pa chiboliboli chakuda cha Maria muyenera kukwera masitepe 216, amene akale ankawakwera chogwada. Mukatsika, tchizi cha mkaka wa mbuzi chodziwika ndi dzina la tawuniyi chikukudikirani.

Ine ndingasankhe Rocamadour, chifukwa alendo akachoka madzulo pamatsala mudzi weniweni wa anthu. Wofuna kuona nyanja ikuzinga thanthwe apite ku Normandy, koma ayambe wafufuza masiku amene madzi amakwera kwambiri.