Chionetsero cha chikhalidwe cha ku Japan pa boma la Kasungu

Loweruka lapitali ndinakaonerera chionetsero chimene anakonza anzathu omwe anakaphunzira ku Japan kudzera ku bungwe la JICA, la boma la Japan lothandiza maiko ena pa chitukuko, ndipo ndinganene mosapsatira kuti ndalama yanga ya kabaza sinapite pachabe. Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi phunziro la origami, luso lopinda pepala popanda sizasi kapena guluu. Mayi amene ankaphunzitsa anali woleza mtima modabwitsa, moti mwana wanga atalakwitsa katatu, iwo anagwada pambali pake n'kumugwira zala mpaka pepalalo linasanduka mbalame ya khosi lalitali.

Bambo wina anafotokoza bwino kuti ntchito ya OVOP (One Village One Product, yolimbikitsa dera lililonse kupanga katundu wakewake wogulitsa), imene dziko lathu linaikhazikitsa mu 2003, inachokera ku Oita, chigawo china cha ku Japan, ngakhale ndikanakonda akanapereka zitsanzo zokhudza alimi a mtedza a kuno kwathu. Kudya mpunga ndi timitengo tiwiri kunatiseketsa tonse, ife ozolowera kutema nsima ndi manja.

Chodandaulitsa n'chakuti mwambowu unayamba mochedwa ndi ola lathunthu, zomwe sizikugwirizana ndi kusunga nthawi kumene iwo eni anatamandira anthu a ku Japan, komanso mipando inachepa moti agogo ena anakhala pamkeka.