Nyumba yoonetsera zaluso ya pa yunivesite imene inatsegulira amisiri a kunja kwa mpanda

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikupita ku nyumba yoonetsera zaluso ya pa yunivesite ina, imene inayamba kulandira amisiri a m'madera ozungulira amene sanaphunzirepo pa sukuluyo, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze mmene ntchitoyi ikuyendera, popeza anthu ambiri amaganiza kuti malo otere ndi a ophunzira ndi aphunzitsi awo okha. Dongosolo lake ndi lakuti wojambula, wosema, woumba kapena woluka aliyense amene walembetsa amaloledwa kugwiritsa ntchito chipinda cha amisiri masiku ena pa sabata, ndipo pakutha pa chaka zina mwa ntchito zake zimaikidwa pa chionetsero pamodzi ndi za ophunzira.

Za chipinda choonetsera sindinena zambiri. Makoma ndi oyera, magetsi anaikidwa mosamala kuti asathobwe m'maso, ndipo zithunzi zimapachikidwa motalikirana bwino. Chimene chinandikopa chili kuseri, m'chipinda cha amisiri, mmene mumanunkhira utoto ndi utuchi, ndipo muli makina osindikizira zithunzi ndi ng'anjo yootchera zoumba, zipangizo zimene mmisiri mmodzi payekha sangazikwanitse ngakhale atagwira ntchito zaka zambiri. Tsiku lina ndinaona mtsikana wina wa chaka chachiwiri akulimbana ndi chipika chimene chinkangong'aluka nthawi iliyonse akachimenya ndi tchizulo. Bambo wina wachikulire, amene wakhala akusema moyo wake wonse osalowapo m'kalasi ya zaluso, ananyowetsa chala chake n'kuchiyendetsa pa mtengowo kuti mitsempha yake ioneke, kenaka anatembenuza chipikacho ndi kumuuza mtsikanayo kuti asemere kumene mitsemphayo ikulowera. Patapita sabata ziwiri ndinawapeza awiriwo pafupi ndi zenera, mtsikanayo akuwasonyeza bambowo mmene angajambulire ziboliboli zawo ndi foni popanda mthunzi, ndiponso mmene angalembere msinkhu ndi mtundu wa mtengo pansi pa chithunzi chilichonse. Pa zonse zimene nyumbayi imachita, kukumana kotereku ndi kumene ndikukuyamikira kwambiri, ndipo kumachitika chifukwa oyang'anira anasankha kuti anthu a mkati ndi a kunja azigwira ntchito pa tebulo limodzi, m'malo mowapatsa masiku osiyana.

Zimenezi si zachilendo kwa amene amadziwa mbiri ya zaluso mu Africa. Margaret Trowell atayamba kuphunzitsa zojambula pa sukulu ya ukachenjede ya Makerere ku Kampala, m'dziko la Uganda, mu 1937, sukuluyo inakoka achinyamata ochokera ku Uganda, Kenya ndi Tanganyika (dziko limene pano lili mbali ya Tanzania), ndipo mmodzi mwa iwo, Gregory Maloba wa ku Kenya, ndi amene anapanga chipilala chokumbukira ufulu wa Uganda mu 1962. Elimo Njau, amenenso anaphunzira pa Makerere, anali m'gulu la anthu amene anatsegula malo a zaluso otchedwa Paa ya Paa ku Nairobi mu 1965, kotero kuti mbewu imene inafesedwa pa sukulu imodzi inakamera m'dziko lina. Ku Harare, kumene nyumba yoonetsera zaluso ya dziko inatsegulidwa mu 1957, mkulu wake woyamba, Frank McEwen, anapereka utoto ndi zipangizo kwa anthu wamba, kuphatikizapo ogwira ntchito pa nyumbayo monga Thomas Mukarobgwa, ndipo kuyambira pamenepo luso losema miyala la ku Zimbabwe linayamba kutchuka padziko lonse. M'malo onsewa chimene chinamanga gulu la amisiri chinali malo ogwirirapo ntchito limodzi, ndipo chionetsero chinkabwera pambuyo pake.

Komabe pali zinthu zimene zinandikhumudwitsa, ndipo ndizitchula chifukwa ndikuifunira zabwino ntchitoyi. Choyamba chili pa chipata penipeni. Alonda amafuna chiphaso cha sukulu, ndipo ndinaonapo mayi wina atanyamula mbiya zake zosaotcha akudikira panja kwa nthawi yaitali mpaka wina wa mkati atabwera kudzamutenga, ngakhale kuti dzina lake linali m'kaundula wa olembetsa. Munthu amene kale lomwe amaona ngati yunivesite si malo ake sabwereranso akachititsidwa manyazi motero. Komanso chipinda cha amisiri chimatsekedwa ophunzira akapita ku tchuthi, pamene mmisiri amene amadyera luso lake alibe tchuthi.

Chimene chinandipweteka mtima koposa ndinachiona pa chionetsero cha kumapeto kwa chaka. Pansi pa chithunzi cha wophunzira aliyense panali dzina lake, chaka chimene anabadwa, ndi ndime yonse yofotokoza maganizo ake. Pansi pa dengu lina lolukidwa mwaluso lodabwitsa, limene mizere yake yakuda inkazungulira kuchokera pansi mpaka kukamwa popanda kuduka, panangolembedwa kuti ndi ntchito ya amayi a m'deralo. Mayi amene analuka denguli ali moyo, ndimamudziwa nkhope, ndipo anali m'chipindamo tsiku lotsegulira. Ndinakumbukira kuti Uche Okeke, mmodzi mwa ophunzira amene anayambitsa gulu la zaluso ku Zaria, m'dziko la Nigeria, mu 1958, atapita kukaphunzitsa pa yunivesite ya ku Nsukka, m'dziko lomwelo, anamanga maphunziro ake pa zojambula za uli, zimene amayi a mtundu wa Igbo ankajambula pa makoma ndi pa thupi. Luso la anthu wamba limadyetsa masukulu akuluakulu, ndipo chochepa chimene sukulu ingabwezere ndi kulemba dzina la mwini luso molondola.

Nkhani ya dzina ikugwirizana ndi ya kusunga mbiri, imene ndi ntchito yomwe yunivesite ingaigwire bwino kuposa wina aliyense, popeza ili ndi laibulale, makompyuta ndi ophunzira ofuna mitu ya kafukufuku. Moto umene unatentha Paa ya Paa mu 1997 unawononga zojambula ndi mabuku ambiri amene anasonkhanitsidwa kwa zaka zoposa 30, ndipo aliyense woyang'anira malo otere ayenera kuukumbukira. Pa nyumba imene ndikuifotokozayi, ntchito za amisiri a kunja zimabwezedwa kwa eni ake chionetsero chikatha popanda kuzijambula kapena kuzilemba m'buku lililonse, choncho pakapita zaka khumi sipadzakhala umboni woti anthuwa anaonetsapo kanthu.

Kwa mmisiri amene ali ndi mwayi wotere pafupi, ndinganene kuti alembetse mosazengereza, chifukwa ng'anjo, makina ndi anzake amene angawapeze kumeneko ndi zamtengo wapatali, koma apemphe kalata yolowera pa chipata tsiku loyamba lomwelo, ndipo aone ndi maso ake zimene zalembedwa pansi pa ntchito yake chionetsero chisanatsegulidwe. Za dengu lija ndinakalankhula ndi woyang'anira, amene anandimvetsera mwaulemu ndi kuvomera kuti panalakwika. Nditapitakonso sabata yotsatira ndinapeza kapepala katsopano, kolembedwa pamanja, kokhala ndi dzina la mayiyo ndi mtundu wa udzu umene anagwiritsa ntchito.