Odwala athu amatuluka ndi impso zitatu

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi n'zoona kuno amaika impso ya munthu wina m'thupi mwa wodwala n'kudzuka bwinobwino. N'zoona abale anga. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino mu wodi ya odwala otere pachipatala china chachikulu ku England, ndipo ena amalandira impso ndi kapamba (chiwalo chopanga insulini yochepetsa shuga m'magazi) pa opaleshoni imodzi.

Olandira zonse ziwiri kawirikawiri ndi aja shuga adawagwira akadali ana. Abaya insulini zaka zambiri mpaka impso zatopa, kenako moyo wawo umangokhala wa dayalisisi: katatu pa sabata, maola anayi atagona pamakina osefa magazi. Madokotala sachotsa impso zakalezo. Yatsopanoyo amaiika m'munsi mwa mimba mbali imodzi, kapamba mbali inayo n'kumulumikiza ku matumbo. Munthu amatuluka ndi impso zitatu.

Masiku oyamba timayeza mkodzo ola lililonse, usiku ndi usana. Musaseke. Ndaonapo bambo amene adatha zaka osataya madzi, atangoti maso dwii pa kathumba kopachikidwa m'mbali mwa bedi, kuona kakudzaza, misozi ili mbwembwembwe. Kale ankamuletsa kumwa madzi opitirira makapu awiri kapena atatu patsiku; tsopano ndife tikumukakamiza kuti amalize jagi. Mayi wina ankadzibaya chala mobisa pofuna kutsimikiza, sankakhulupirira kuti wadya phala lothira shuga koma shuga wam'magazi ali m'malo popanda jakisoni.

Ntchitoyi si yadzulo. Impso yoyamba kugwira bwino adaiika Joseph Murray ku Boston mu 1954, pakati pa mapasa ofanana, ndipo kapamba woyamba adamuika ku Minnesota mu 1966. Chomwe chasintha kwambiri chichokereni nthawiyo ndi mankhwala ogonetsa chitetezo cha m'thupi kuti chisalimbane ndi chiwalo chachilendo. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa opaleshoni ndi ya tsiku limodzi koma mankhwala ndi a moyo wonse.

Ena mwa mankhwalawa ndi tacrolimus, amene ambiri amamwa kawiri patsiku, motalikirana maola 12, osaphonya. Akachepa m'magazi thupi limakana impso, akachuluka amaiwononga impso yomweyo. N'chifukwa chake masabata oyamba wodwala amabwera kawiri kapena katatu pa sabata kudzatengedwa magazi asanamwe mankhwala a m'mawa. Manyumwa n'ngoletsedwa. Azitsamba aja azakhali amatumiza mu chikwama, ayi ndithu. Ife obadwira kumudzi amatifufuzanso chifuwa chachikulu chobisala, matenda a chiwindi, ngakhale likodzo ngati unkasamba kunyanja, poti chitetezo chikagona zonsezi zimadzuka. Wofuna kubwera ku holide timamukhazika pansi za malungo, ndipo katemera wa yellow fever sabayidwa.

Chimandipweteka n'chakuti anthu akuda timadikira impso nthawi yaitali kuposa azungu. Gulu la magazi ndi mtundu wa thupi zimagwirizana mosavuta pakati pa anthu ochokera kumodzi, koma ife opereka tilipo ochepa. Kuyambira mu 2020, lamulo la ku England limatenga munthu wamkulu aliyense ngati wavomera kupereka ziwalo akamwalira, pokhapokha atalembetsa kukana. Komabe achibale amafunsidwa, ndipo ambiri a ife timakana. Sindikuwanena. Amene wakula akumva za anamapopa ndi za kuphedwa kwa anthu achialubino, mawu oti "ziwalo" amamuimitsa tsitsi. Koma kuno zimayenda poyera. Mchimwene wofuna kupatsa mlongo wake impso amayezedwa miyezi ingapo, ndiponso amafunsidwa payekha ngati wakakamizidwa kapena kulonjezedwa ndalama. Kugula impso ndi mlandu: mu 2023 khoti la ku London lidamanga Ike Ekweremadu, mkulu wandale wa ku Nigeria, chifukwa chobweretsa mnyamata kuti adzamuchotse impso yoti aike mwa mwana wake.

Kwathuko ndikudziwa kuti dayalisisi ilipo ku Kamuzu Central ndi ku Queens, ndipo wofuna impso yatsopano amayang'ana ku India. Ndimasonkha nawo makalata a thandizo akafika pagulu. Pempho langa n'lakuti musanagulitse munda kapena galimoto, mufunse kaye adokotala kuti wodwalayo akabwerako tacrolimus wa mwezi ndi mwezi azidzamupeza kuti, pa mtengo wanji, nanga magazi ake azidzayezedwa ku labu iti.