Mafoni ndi makompyuta mu ofesi: netiweki imodzi, VLAN, kapena mawaya awiri?

Mwezi watha ndinaitanidwa ku ofesi ina ku Graniteside mu Harare, kumene abale athu amayendetsa mathiraki opita ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda. Mafoni a padesiki alipo 12, onse oyendera intaneti, makompyuta 15. Dandaulo lawo linali lakuti masana mawu amadukaduka. Ndinaima pambali pa amayi a pa risepishoni akulankhula ndi dalaivala amene anali pa bodala, ndipo ndinawamva akubwereza katatu kuti "Achimwene, nenaninso, sindikukumvani." Chipinda chinacho mnyamata wa maakaunti anali akutumiza mafayilo akuluakulu a mapepala a katundu. Anzanga amene mumakonza za netiweki muno mu Harare, njira zolumikizira mafoni ndi makompyuta zilipo zitatu, ndipo ndazigwirapo zonse.

Yoyamba ndi imene ndinaipeza kumeneko: switch imodzi yotchipa (kabokosi kamene mawaya onse a netiweki amakumanapo), chilichonse cholumikizidwa pamenepo. Ubwino wake ndi woti sifuna ndalama kapena luso. Pa ofesi ya anthu atatu kapena anayi sindingatsutse. Koma foni ndi kompyuta zimaonana mwachindunji, ndipo mafoni ambiri amasiyidwa ndi pasiwedi imene anabwera nayo. Kompyuta imodzi ikalowedwa ndi vairasi, wakuba akhoza kufika pa tsamba la foniyo, kapena pa PBX yeniyeniyo, makina oyendetsa mafoni onse a ofesi, n'kuyamba kuimba kunja kwa dziko pa bilu ya bwana.

Yachiwiri ndi VLAN, kutanthauza kugawa netiweki imodzi m'magulu osaonana. Waya ndi womwewo, switch ndi imodzi, koma ikhale managed, yolola kuti muikemo makonzedwe anu. Muyezo wa 802.1Q umaika kachizindikiro pa paketi iliyonse (kachidutswa ka uthenga koyenda mu waya), nambala kuyambira 1 mpaka 4094. Ine ndimapereka 10 kwa makompyuta, 20 kwa mafoni, 30 kwa Wi-Fi ya alendo, gulu lililonse ndi maadiresi akeake a DHCP, njira yogawira zipangizo maadiresi pa netiweki. Chimene chimandisangalatsa ndi LLDP-MED: mukalumikiza foni ya Yealink kapena Grandstream, switch imaiuza yokha kuti kwanu ndi ku VLAN 20, osayenda desiki ndi desiki kudina mabatani. Kompyuta imalowa kumbuyo kwa foni, choncho waya umodzi wochokera kukhoma umatumikira zonse ziwiri. Chenjerani apa, chifukwa mafoni otchipa ali ndi doko (polowetsa waya) la 100 Mbps lokha. Mukadutsitsa kompyuta pamenepo mwaimanga miyendo, ngakhale switch yanu ili ya gigabit.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amalakwitsa, ndipo chimandipweteka chifukwa kasitomala amakhala walipira kale. VLAN imalekanitsa, koma siipatsa mawu mpata wodutsa patsogolo. Foni imodzi ikamalankhula ndi G.711, njira yosandutsira mawu kukhala data, imadya 64 kbps, kuphatikiza zovala za paketi (maadiresi ndi zizindikiro zake) imafika cha m'ma 87 kbps. Mafoni 12 onse atalankhula nthawi imodzi angopitirira 1 Mbps pang'ono. Mkati mwa ofesi, pa switch ya gigabit, zimenezo n'zosaoneka n'komwe. Pothinana ndi pa khomo lotulukira ku intaneti, pa router, makamaka mbali yotumiza. Mawu amatuluka m'timapaketi mamilisekondi 20 aliwonse, ndipo ITU, bungwe la padziko lonse loona za matelefoni, imalangiza mu muyezo wa G.114 kuti kuchedwa kusapitirire mamilisekondi 150 mbali imodzi. Timapaketi timeneti tikaima pa mzere kumbuyo kwa fayilo ya mnyamata uja, mawu aduka basi, VLAN ilipo kapena palibe. Mankhwala ake ndi QoS, njira yopatsira mawu mpata wodutsa patsogolo: mawu akhale ndi chizindikiro cha DSCP 46, ndipo pa router, kaya MikroTik kaya ina, muike queue (mzere wokhala ndi malire a liwiro) yotsika pang'ono poyerekeza ndi liwiro lenileni la laini yanu, kuti mzere uzipangika m'manja mwanu, osati kwa okugulitsani intaneti. Musaiwalenso malamulo a firewall, oletsa kapena kulola zodutsa pakati pa ma VLAN. Mukapanda kuwalemba, router ingolumikizanso zimene mwalekanitsazo.

Yachitatu ndi kulekanitsa kwenikweni: mafoni waya wawo ndi switch yawo, makompyuta zawo. Imadula, chifukwa desiki lililonse likufuna mawaya awiri a Cat6, uliwonse osapitirira mamita 100, ndipo m'nyumba zakale za m'tauni eni ake ena salola kuboola makoma. Komabe musaipeputse. Munthu amene sanaphunzire za VLAN akhoza kuikonza, waya wabuluu kompyuta, wachikasu foni. Ndipo muno mmene magetsi amathima maola ambiri, ili ndi mwayi wina: switch ya PoE (yopatsa mafoni magetsi kudzera pa waya wa netiweki) ya mafoni okha, router ndi kabokosi ka fibre mukhoza kuziika pa inverter yaing'ono. Muyezo wa 802.3af umapereka mpaka mawati 15.4 pa doko, koma mafoni wamba safika n'komwe theka la pamenepo, motero batire limakhalitsa. Kungoti QoS ija ikufunikabe, popeza magulu awiriwa amakakumana pa router.

Ndikafunsidwa, pa ofesi ya mafoni 8 kupita mtsogolo ndimasankha VLAN, pokhapokha ngati mawaya awiri alipo kale kapena palibe munthu pafupi wodziwa kusamala managed switch. Izinso zimachitika. Wina akabwera n'kudina reset, makonzedwe onse apita, ndiye sungani fayilo ya makonzedwe ndipo matani pepala mkati mwa kabati losonyeza doko lililonse ndi VLAN yake.

Ku Graniteside kuja tinaika switch ya PoE ya madoko 24, ma VLAN atatu ndi queue pa router, zonse pa inverter imene anali nayo kale. Poyesa ndinapempha mnyamata uja kuti atumizenso mafayilo ake onse nthawi imodzi, amayi aja akuimbira dalaivala wina amene anali atawoloka kale mlatho wa ku Tete. Analankhula mphindi zisanu, nambala za mapepala zonse analemba osafunsanso kawiri.