Plickers: kumva yankho la kalasi yonse ndi foni imodzi

Mphunzitsi wa kukoleji akafunsa kuti "Mwamva?", mitu yonse imagwedera, koma zoona zake zimadzaoneka pa mayeso, nthawi yokonza itapita kale. Plickers, pulogalamu ya pa foni ndi kompyuta, imakuonetsani pomwepo amene wamva ndi amene wasokera, ndipo foni yofunika ndi imodzi yokha, ya mphunzitsi.

Wophunzira aliyense amapatsidwa khadi la pepala lokhala ndi nambala yake ndi chizindikiro chakuda cha mbali zinayi. Mbalizo zili ndi zilembo A, B, C ndi D, zazing'ono dala kuti woyandikana naye asaonere. Funso limaonetsedwa pa projekita kuchokera pa kompyuta. Wophunzira amatembenuza khadi kuti chilembo cha yankho lake chikhale pamwamba, kenako mphunzitsi amayendetsa kamera ya foni pang'onopang'ono kuyambira mbali ina ya chipinda kukafika ina. Mayina a okhoza amaoneka obiriwira, a olakwa ofiira, ndipo zotsatira zimasungidwa.

Phindu lenileni limabwera mukaiphatikiza ndi njira imene Eric Mazur, mphunzitsi wa ku yunivesite ya Harvard, anatchukitsa m'zaka za m'ma 1990. Funsani funso, aliyense ayankhe payekha, ndipo musaulule yankho. Ngati okhoza ali pakati pa 3 ndi 7 mwa ophunzira 10 alionse, apatseni mphindi ziwiri kapena zitatu kuti aliyense apeze mnzake wosiyana naye yankho, atsutsane, kenako avotenso. Akakhoza pafupifupi onse, fotokozani mwachidule n'kupitirira. Okhoza akakhala osakwana 3 mwa 10, kukambirana kumangofalitsa cholakwacho. Phunzitsaninso mfundoyo mwanjira ina. Apa funso ndilo chuma. Mayankho atatu olakwa akhale zolakwa zimene ophunzira amachitadi, osati zopusa zongodzazira malo, chifukwa yankho lolakwa limene ambiri alithamangira ndi lomwe limakuuzani pamene pakhota.

Zovuta zambiri zimachokera pa makadi. Mukawamata ndi pulasitiki yonyezimira, kuwala kwa magetsi kumachititsa kamera kulephera kuwerenga; gwiritsani ntchito yosawala, kapena sindikizani pa pepala lolimba loyera basi. Chala chikaphimba gawo la chizindikiro, kapena khadi likapindika, dzinalo silituluka. Zenera lowala kumbuyo kwa ophunzira nalonso limasokoneza. Okhala kumbuyo kwenikweni apatsidwe makadi akuluakulu, omwe amapezeka pa tsamba la intaneti la Plickers.

Malire ena sangakonzeke. Makadi amathera pa 63, choncho holo ya ophunzira a chaka choyamba okwana 200 siingatheke pokhapokha agawane khadi m'magulu, ndipo mukatero simudziwanso za munthu payekha. Akaunti yaulere imalola mafunso 5 okha pa mndandanda umodzi, ngakhale kuti pa ola limodzi amenewo ndi okwanira. Mayankho ndi osankha basi, palibe kulemba chiganizo kapena kuonetsa njira ya samu. Foni ndi kompyuta zimafunikanso intaneti.

Ena amagwiritsa ntchito Plickers polemba amene abwera m'kalasi ndi popereka malikisi. Kumeneko n'kuiwononga: munthu amanyamula makadi awiri, lake ndi la mnzake wojomba, ndipo oopa kutaya malikisi amayamba kusuzumira khadi la wanzeru m'malo moganiza. Kwa kalasi ya anthu 20 mpaka 60, mafunso atatu kapena anayi osawerengedwa pa malikisi, Plickers imagwira bwino ntchito.